Kutsata mitu ya sitima ya penti wakale ku Pennsylvania

Lachitatu, Strasburg

Tanyamuka ku Philadelphia m'mamawa, ine ndi abambo, pa sitima yamagetsi ya Amtrak, ndipo tatsikira pa Lancaster. Abambo anagwira ntchito yokonza mitu ya sitima ku Limbe m'nthawi ya Malawi Railways. Atabwera kudzationa kuno ndinawafunsa kumene angakonde kukafika, ndipo sanatchule New York kapena Washington. Anati ndiwatengere kunjanji, makamaka kumene kumadutsa sitima za katundu.

Chimene tikutsata ndi ichi. Mu 2012 kampani ya Norfolk Southern, pokondwerera kuti yatha zaka 30, inatenga mitu ya sitima 20 n'kuipenta mitundu ya makampani akale amene anathera m'manja mwake. Mitu yake ya masiku onse ndi yakuda bii, kumaso kuli chithunzi cha hatchi yoyera. Koma 20 imeneyi ina ndi yofiira, ina yabuluu, ina yobiriwira, uliwonse uli ndi dzina la kampani imene inafa kalekale. Sanaiike m'nyumba yoonetsera zakale ayi. Imakoka malasha ndi makontena ngati inzake yonse, ndiye wofuna kuiona amayenera kukaima m'mbali mwa njanji n'kudikira.

Tayambira ku Strasburg kuti tione kaye penti weniweni wa kalelo. Mu Railroad Museum of Pennsylvania muli mutu wamagetsi wa GG1, nambala 4935, umene uli ndi penti wobiriwira wakuda kwambiri moti ukaima patali umayesa ndi wakuda, ndipo mizere isanu yagolide imayambira kumaso mpaka kumbuyo. Abambo anauzungulira pang'onopang'ono manja ali kumbuyo. Penti sanamulabadire kwenikweni. Anagwada n'kumasuzumira mawilo ndi masipuling'i, kenako anaponda pakati pa njanji n'kuyeza ndi mapazi. Njanji ya kuno ndi yotambalala mamilimita 1,435, pamene yathu ndi 1,067, ndipo anati zimenezi ankangozimva pophunzira ntchito, lero ndiye aziona ndi maso.

Kutsidya kwa msewu kuli Strasburg Rail Road, kanjanji kamene kanapatsidwa chilolezo mu 1832 ndipo mpaka lero kakuyendetsa sitima ya malasha pamtunda wa makilomita 7 kukafika ku Paradise. Tinakwera. Njanjiyo imadutsa m'minda ya Aamish, amene amalima ndi mahatchi ndi nyulu. Anali akukolola chimanga, ndipo m'zigafa zamatabwa munali fodya wopachikidwa, matabwa am'mbali atatsegulidwa kuti mphepo izilowa. Abambo sanayembekezere kupeza fodya ku America, ndipo nkhani ya fodyayo inatitengera ulendo wonse wobwerera.

Lachinayi, kuchokera ku Lancaster kupita ku Altoona

Masana takwera sitima yotchedwa Pennsylvanian. Tikangodutsa Harrisburg mawaya amagetsi amatha, ndipo sitima imawoloka mtsinje wa Susquehanna pa mlatho wa Rockville, womangidwa ndi miyala mu 1902, wa zipata 48. Kuyambira apo njanji ndi ya Norfolk Southern, ndipo imatsata mtsinje wa Juniata kudzera ku Lewistown, Huntingdon ndi Tyrone. Mitengo m'mapiri yafiira, ina yachita chikasu, poti dzinja lozizira layandikira.

Ndiyenera kufotokoza pang'ono za maina amene ali pa mitu ija, chifukwa popanda zimenezo penti ndi penti basi. Njanji imene tadutsa lero inamangidwa ndi Pennsylvania Railroad, kampani imene kale inali yaikulu koopsa. Mdani wake pa malonda inali New York Central. Magalimoto a katundu ndi ndege zitayamba kuwalanda makasitomala, makampani awiriwa anaphatikizana mu 1968 n'kukhala Penn Central. Tangoganizani Bullets ndi Wanderers ataziphatikiza kukhala timu imodzi, n'kuuza osewera ndi masapota kuti kuyambira mawa mukhale amodzi. Sizinayende, ndipo mu 1970 Penn Central inagwa ndi ngongole. Boma linatola zotsala zake pamodzi ndi makampani ena amene anagwanso, monga Reading, Lehigh Valley, Erie Lackawanna ndi Central Railroad of New Jersey, n'kupanga Conrail, imene inayamba ntchito pa 1 April 1976. Conrail inachira, inayamba kupanga phindu, kenako mu 1999 inagawidwa pakati pa Norfolk Southern ndi CSX. Ndiye munthu amene analembedwa ntchito ku Altoona cha m'ma 1960 akanatha kugwira ntchito pansi pa maina anayi osasamuka m'nyumba mwake, osasinthanso geti lolowera.

Abambo atamva chaka cha 1999 anandigwira pamkono. Chaka chomwecho ndi chimene njanji ya kwathu inachoka m'manja mwa Malawi Railways n'kupita kwa Central East African Railways.

Mpando wa kutsogolo kwathu kunakhala mnyamata wa kamera yaikulu. Atamva kuti tikutchula Conrail anatembenuka, ndipo anationetsa pafoni mmene anzake amatsatira mitu imeneyi. Aliyense akauona mutu wa penti wakale amalemba pa intaneti nambala yake, malo, nthawi, kumene walowera, komanso ngati uli patsogolo kapena pakati pa inzake. Kampani siilengeza kumene mituyi ili. Ndi anthu wamba amene amapatsirana uthenga kuchokera ku Chicago mpaka ku New Jersey. Anati wa Lehigh Valley unaoneka ku Ohio m'mawa ukulowera kuno.

Lachisanu, Horseshoe Curve

Malo amenewa ali makilomita 8 kuchokera ku Altoona. Pamene ankamanga njanji yopita ku Pittsburgh, mapiri a Allegheny anawatsekera njira, ndipo injiniya wamkulu J. Edgar Thomson ndi anzake anaona kuti njira yokha yokwerera phiri popanda chitunda chosatheka ndi kuizungulitsa njanji kumutu kwa chigwa. Ndiye njanji imabwera mbali imodzi ya chigwa, imakhota ngati chilembo cha U, n'kubwerera mbali inayo ili pamwamba kuposa poyamba. Anaitsegula pa 15 February 1854, ndipo ambiri mwa amene anakumba, ndi mapiki ndi mafosholo, anali ochokera ku Ireland. Mu 1942 Ajeremani anatumiza anthu mwachinsinsi kuti adzaononge malo ofunika mu America, ndipo khona limeneli linali pa mndandanda wawo. Anagwidwa asanachite kanthu.

Kuti ukafike pamene anthu amaonerera pali masitepe 194, komanso pali kangolo kokokedwa ndi chingwe. Ndinati, "Bambo, tiyeni tikwere kangoloko." Anakana, anati miyendo ikadalipo. Tinakwera tikupumira.

Pamwamba pali kapinga, mabenchi, mpanda wachitsulo, ndi mutu wakale wa dizilo nambala 7048 wa Pennsylvania Railroad woimikidwa pambali. Njanji ndi zitatu. Kale zinali zinayi, ina anaizula mu 1981. Sitima umayamba kuimva usanaione. Ikamakwera imabangula kuchokera kumunsi kwa madamu a madzi a mzinda wa Altoona, ndipo ikafika imakuzungulira mbali zitatu, mutu uli kudzanja ili mchira ukadali kudzanja linalo. Mawilo amalira mokweza pakhonapo moti ana amatseka makutu. Kumbuyo kwa sitima zolemera kumakhala mitu ina yokankha, imene imalumikizidwa ku Altoona kuti ithandize kukwera phiri, ndipo potsika imathandiza kugwira mabuleki.

Tinapeza anthu ambiri ndithu ngakhale linali tsiku la ntchito. Ena anabwera ndi mipando yopinda, maflasiki a khofi, ndi mawailesi ang'onoang'ono omvera zimene oyendetsa akulankhulana ndi wowongolera sitima. Panali agogo aamuna ndi adzukulu awo, mayi wina amene amalemba nambala ya mutu uliwonse m'kabuku, ndi anyamata a makamera. M'mawa wonse inadutsa yakuda yokhayokha. Palibe amene anadandaula. Abambo amawerenga mabogi a sitima iliyonse mokweza, ndipo akapitirira 100 amagwedeza mutu.

Dzuwa litapendeka mafoni anayamba kutuluka m'matumba, anthu n'kuthamangira kumpanda. Inatulukira sitima ya makontena osanjikizana awiriawiri ikutsika phiri, ndipo mutu wachitatu unali 8104, wa Lehigh Valley, wofiira. Unali ndi fumbi, padenga pali mwaye. Anyamata a makamera anakhumudwa pang'ono chifukwa sunali patsogolo, poti chithunzi chimene amafuna ndi cha kumaso. Ine sindinaone chodandaulitsa. Utaona zakuda tsiku lonse, kufiira kumene kuja kukamadutsa pakati pa mitengo kumakudzidzimutsa, ndipo fumbilo ndi umboni woti mutuwo ukugwira ntchito. Bambo wina wachikulire pambali pathu anatiuza kuti bambo ake ankagwira ntchito ku Lehigh Valley, ku Sayre, ndipo dzina limenelo anasiya kuliona pa sitima yoyenda ali mnyamata, mpaka 2012.

Loweruka, Altoona, Gallitzin ndi Cresson

Lero latalika, ndipo ndi limene ndikufuna kulembapo zambiri.

M'mawa tinapita ku Juniata, mbali ina ya mzinda wa Altoona, kumene kuli malo okonzera mitu ya sitima. Mzinda wa Altoona unayambitsidwa ndi Pennsylvania Railroad mu 1849 chifukwa cha njanji yomweyi, ndipo cha m'ma 1920 anthu pafupifupi 16,000 ankagwira ntchito m'mashopu ake. Lero ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale, koma ntchito ikuchitikabe: amaphwasula mitu yakale n'kuimanganso, ndipo ina mwa mitu 20 ija inapentedwa momwemu. Kulowa sikuloledwa, ndiye tinangoima kunja kwa mpanda. Abambo anaima nthawi yaitali akuyang'ana mitu yochotsedwa zivundikiro, injini zili pamtunda. Amanditchulira chiwalo chilichonse, ichi ndi jenereta, uko ndi kumene kumakhala ma radiator, ndipo anati ngakhale mituyi ndi ya mphamvu ya mahatchi opitirira 4,000, kapangidwe kake ndi komwe ankakadziwa ku Limbe: dizilo amazunguza jenereta, magetsi n'kumazunguza mawilo.

Ku Railroaders Memorial Museum sanaike mtima pa zitsulo zokha. Anaonetsa miyoyo ya anthu a njanji, khitchini ya mkazi wodikira mwamuna wa shifiti ya usiku, malo omwera mowa a pakona, zikwangwani zochenjeza za ngozi, ndi maina a amene anafera pa ntchito. Mmodzi mwa othandiza alendo, bambo wopuma pa ntchito, atamva kuti abambo anali a njanji anasiya zimene amachita. Bamboyo anayamba ntchito m'nthawi ya Penn Central. Ndinamufunsa za mutu nambala 1073, wakuda wa zilembo zoyera za PC zolukana, chifukwa ndinkadabwa kuti kampani ingakumbukire bwanji dzina limene linagwa mochititsa manyazi chotero. Yankho lake linandikhala mumtima. Anati amene anagwetsa kampaniyo anali m'maofesi, koma amene ankayendetsa sitima pa njanji zowola, mitu ikuwafera panjira, n'kumafikitsabe katundu, anali iwowo, ndipo zaka zimenezo ndi zimene anakwatira ndi kubereka ana ake. Akanati adumphe dzina limenelo, akanakhala kuti afufuta zaka za anthu masauzande. Abambo amangovomereza ndi mutu, ndipo awiriwa anayamba kuonetsana zipsera za m'manja.

Ine ndikugwirizana naye. Ndikudziwa kuti kampani inapenta mituyi pofunanso kudzitsatsa, ndipo penti sabweza ntchito zimene zinatha m'matauni ngati uno. Koma sindinganene kuti ndi zachabe nditaona nkhope ya bambo uja. Pamene makampani akuphatikizana, mapepala amasainidwa kutali, ndipo chimene wantchito amaona ndi choti tsiku lina dzina la pa chipewa chake lasintha. Kuti dzina lakalelo lidutsenso pakhomo pake likukoka katundu, ndi kumuuza kuti zaka zake zinawerengedwa.

Masana tinabwereka galimoto n'kukwera ku Gallitzin, pamwamba pa phiri, pamene njanji imalowa m'mphanga zoboola phiri. Mphanga ya Allegheny ndi ya 1854, ndipo anaikulitsa mu 1995 kuti makontena osanjikizana azikwanamo. Umaima pa kamlatho ka msewu, sitima n'kutulukira pansi pa mapazi ako, utsi wotentha n'kukuwomba kumaso. Sitinakhalitse chifukwa cha mphepo.

Ku Cresson kuli nsanja yamatabwa yoonererapo m'mbali mwa njanji. M'kanyumba kodyera chapafupi tinakhala tebulo loyandikana ndi kondakitala wa sitima za katundu amene anali ataweruka. Ndinamufunsa ngati amasangalala akapatsidwa mutu wa penti wakale. Anaseka, n'kunena kuti mkati mwake ndi chimodzimodzi ndi ina yonse, mpando womwewo, phokoso lomwelo, ndipo chimene woyendetsa amafunsa poyamba ndi choti hita ikugwira kapena ayi. Koma anavomera kuti tsiku limenelo limasiyana. Pa mlatho uliwonse pamakhala anthu, ana amakweza manja, ndipo madzulo amapeza sitima yake itajambulidwa m'matauni onse amene wadutsa. Iye mwini anajambulitsa pamasitepe a wa Conrail n'kutumizira bambo ake, amene anapumira ntchito m'nthawi ya kampaniyo. Chimene chimamuopsa ndi amene amaima pakati pa njanji kapena kuthamangitsa galimoto kuti akaipeze sitima kutsogolo. Sitima ya katundu ikamanga mabuleki imatha kuyenda kilomita ndi kupitirira isanaime, ndipo amene ali mkati amangoyang'ana, palibe chimene angachite. Apa abambo analowererapo n'kumuuza za anthu oyenda pa njanji pakati pa Limbe ndi Blantyre, ndipo anamvana msanga ngati anthu a ntchito imodzi.

Titabwerera pansanja, mawailesi anayamba kulira ndipo wina anafuula nambala: 8098. Unabwera kuchokera ku Gallitzin uli patsogolo penipeni, wabuluu, dzina la CONRAIL loyera m'mbali ndi chizindikiro cha wilo pa njanji. Woyendetsa anatsegula windo, anakweza dzanja, n'kuliza hutala kawiri mwachidule. Pansanja panali bambo wina wovala jekete yabuluu yakale yomwe inali ndi chizindikiro chomwecho pachifuwa. Sanajambule. Anavula chipewa n'kuimirira mpaka bogi yomaliza. Abambo nawonso anavula chawo. Pambuyo pake ndinawafunsa chifukwa chake, poti Conrail sanaigwirirepo ntchito. Anati, "Mwanangu, mnzako akavula chipewa pa zimene anakhetsera thukuta, iwe sukhala chivalire."

Lamulungu, kupita ku Pittsburgh

Tapemphera m'mawa ku Altoona, tapuma, ndipo madzulo takweranso Pennsylvanian. Tinakhala kumanzere kuti tione khona lija tili m'sitima. Kondakitala analengeza tikuyandikira, anthu onse n'kukhamukira mbali yathu. Pa kapinga paja panali anthu ena akutikwezera manja. Tinadutsa Johnstown kukuyamba kuda, ndipo tafika ku Pittsburgh usiku. Abambo atopa, agona osadya.

Lolemba, Pittsburgh

Takwera Monongahela Incline, kangolo ka chingwe kamene kakhala kakukweza anthu pa phiri la Mount Washington kuyambira mu 1870. Uli pamwamba umaona pamene mitsinje ya Allegheny ndi Monongahela imakumana n'kupanga Ohio, ndipo m'munsi mwa phirilo mumadutsa njanji ziwiri, ya Norfolk Southern cham'mwamba ndi ya CSX m'mphepete mwa madzi. CSX nayonso inayamba kupenta mitu yokumbukira makampani akale mu 2023, koma mwa njira yake: kumaso amasiya mitundu ya CSX, penti wakale n'kuyambira chapakati kupita kumbuyo, ndipo nambala ya mutu ndi chaka chimene kampani yakaleyo inayamba. Wa Baltimore and Ohio ndi 1827, wa Conrail ndi 1976. Okonda sitima ena sakondwa nako kugawa mutu pawiri kumeneku, ndipo ine ndili mbali yawo, chifukwa kumaso ndi kumene munthu amazindikirira sitima ikamabwera. Kampani ina ya njanji, Union Pacific, ndi imene inatsogola kale, mu 2005 ndi 2006, ndi mitu isanu ndi umodzi.

Mzinda uno uli ndi mbali yake pa nkhani ya njanji ya kwathu. Railroad Development Corporation, kampani ya kuno ku Pittsburgh, inali m'gulu limene linatenga njanji ya Malawi mu 1999, ndipo inagulitsa gawo lake mu 2008. Abambo dzinalo ankalidziwa, koma sankaganiza kuti tsiku lina adzaima mumzinda wake.

Tikudya nkhomaliro ananditumitsa zithunzi za Loweruka ku gulu la WhatsApp la anzawo amene anagwira nawo ntchito ku Limbe, ndi uthenga umene ananditchulira mawu ndi mawu: kodi chingavute n'chiyani kuti mutu umodzi wokha mwa imene ikuyenda pa njanji ya Nacala upentedwe monga inkaonekera mitu ya Malawi Railways, ndi dzina lake m'mbali? Anati penti wa mutu umodzi si ndalama yoti kampani ingagwe nayo, ndipo amene amakumbukira mitundu yeniyeniyo akadali moyo, koma akutha.

Mayankho anayamba kubwera tisanamalize kudya, poti kwathu kunali madzulo. Onse agwirizana nazo, koma pabuka mkangano. Wina akuti ayambe ndi Nyasaland Railways, poti ndi imene inalemba ntchito makolo awo. Wina akuti ngati n'kuyambira pachiyambi ndiye ndi Shire Highlands Railway, imene inafikitsa njanji ku Blantyre mu 1908. Wachitatu wakana maina onse achitsamunda, akuti Malawi Railways yokha basi. Abambo ajambula kale mauthenga a mawu angapo powayankha, ndipo pamene ndikulemba izi akujambula wina. Sitima yobwerera ku Philadelphia inyamuka m'mamawa kwambiri, ndiye ndawapempha kuti mlanduwu akaupitirizire m'sitima.